Maliro Amene Yunike Anakanizidwa

Zinayamba m'chaka cha 1991, nyengo yokolola, chimanga chili pa mikukwe ndipo fodya ali m'zigafa. Lachiwiri pa 14 Meyi, dzuwa litapendeka, Whiteson Ngulube anatsika lole pa mphambano ya kwathu ku Kapichila atagwira dzanja la kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Ndinawaona ndili pakhonde ndikuthothola mtedza. Kamtsikanako kanavala diresi yopatsidwa, yaitali mpaka m'mapazi, ndipo sikankayang'ana anthu kapena nyumba. Maso ake anali pansi, pamene phazi likaponde.

Ine ndinali nditapuma pa uphunzitsi zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo akulu a mpingo wathu anandipatsa buku loti ndizisunga, lolembamo obatizidwa, okwatirana ndi omwalira. Pambali pa bukulo ndili ndi makope anga momwe ndimalemba za tsiku ndi tsiku kuyambira mu 1958. Masiku onse amene ndatchula muno ndawatenga m'menemo.

Mwanayo dzina lake anali Yunike. Mayi ake anali Ennie, mlongo wake wa Whiteson, amene ndinamuphunzitsa giredi 5. Ennie anakwatiwa ndi Zuze, mnyamata wa ku Mozambique amene anabwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Zuze analibe ng'ombe za malowolo, pakuti kwawo salowola. Mayi a Ennie, a NyaZimba, anaukana ukwatiwo, ndipo tsiku limene awiriwo ankanyamuka, pa 8 Seputembala 1980, anaima pakhomo n'kukuwa kuti mudzi wonse umve: "Ukapita ndi munthu wopanda khola ameneyu, usadzabwere ngakhale kudzandiika m'manda!"

Ennie analemba makalata atatu, ndipo onse ndinawawerengera ndine chifukwa a NyaZimba sankadziwa kuwerenga. Yoyamba sinayankhidwe. Yachiwiri inanena za kubadwa kwa Yunike pa 3 Febuluwale 1982. Yachitatu, ya mu 1986, inanena kuti nkhondo yafika kwawo ndipo akugona kuthengo. Pamenepo a NyaZimba anandiuza kuti ndilembe kuti mawu aja awabweza, mwana wawo abwere. Kalatayo tinaitumiza, koma palibe akudziwa ngati inafika.

Nditawaona Whiteson ndi mwanayo, ndinasiya mtedza n'kuwatsatira kwa a NyaZimba. Theka la mudzi linachita chimodzimodzi.

"Monire amama," anatero Whiteson atakhala pansi.

A NyaZimba anayang'ana mwanayo, kenako njira imene anadzera.

"Ennie ali kuti?"

"Ali m'mbuyo, amama. Anasiyana ndi mwanayu pothawa. A ku kampu ya othawa nkhondo ku Ukwimi akumufunafuna."

Ankayankhula Chitumbuka, koma mwanayo anamva, chifukwa mayi ake ankamuyankhula chomwecho kunyumba. Anayankha m'Chichewa cha kwawo, mawu ake osanjenjemera.

"Amayi anafa. Ndinawafunditsa masamba ndine."

A NyaZimba anagwira pachifuwa n'kuyamba kupendekera kumbali, ndipo Whiteson anawawakha asanagwe.

"Musamumvere, amama. Mutu wake wasokonezeka ndi mfuti. Ku kampu anandiuza kuti ana ambiri amanena choncho, kenako makolo awo n'kutulukira amoyo. Ennie anangokomoka."

"Sanakomoke, amalume."

"Iwe, khala chete. Kuno timati asibweni. Ndipo akulu akamayankhula mwana sadula mawu."

Kwathu kuno uthenga wa imfa ukafika, amayi amayamba kulira pomwepo, anthu amasonkhana, ndipo maliro akaikidwa achibale amametedwa tsitsi. Tsiku limenelo palibe analira. A NyaZimba atatsitsimuka anamuphera mdzukulu wawo nkhuku, ndipo anthu tinabalalika.

Patapita masiku awiri, Lachinayi pa 16 Meyi, amayi a mpingo tinakumana ku tchalitchi masana monga timachitira sabata iliyonse. A NyaZimba anabwera ndi Yunike. Anati pemphero la mwana limafika msanga kuposa la ife okalamba. Anamugwaditsa pakati pathu n'kumuuza mawu oti anene: "Chiuta dada, sungani amama kumene ali, muwabweze kwa ife amoyo." Mwanayo anakhala chete. Agogo ake anamutsina paphewa, ndipo ananena. Tonse tinati Ameni, ine ndemwe pamodzi. Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi. Lachinayi lililonse, tisanatseke msonkhano, Yunike ankagwada pakati kupempherera mayi ake kuti abwere.

Chifukwa cha nkhondo mwanayo anali asanapondepo m'kalasi, choncho Whiteson anandipempha kuti ndizimuphunzitsa zilembo asanayambe sukulu. Ankabwera pakhonde panga masana ndi kasileti kanga kakale. Nkhani yake anandiuza pa 6 Juni, ine osamufunsa, iye ali mkati molemba mizere ya zilembo.

Bambo ake anatengedwa ndi anthu a mfuti kuti akawanyamulire katundu, ndipo amene anabwerako ananena kuti anawaphera panjira atatopa. Ennie anatenga mwanayo kuti abwere naye kuno. Anayenda masiku anayi. Panjira anamuphunzitsa mawu oti aziloweza ngati vesi: Whiteson Ngulube, Kapichila, Lundazi. Tsiku lachisanu anafika pa kamtsinje. Ennie anamuuza kuti adikire pansi pa mtengo wa mango, iye atsikire kukatunga madzi. Pa kanjira kotsikirako panali bomba lokwirira pansi. Linamudula mwendo. Anakhala moyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo nthawi yonseyo ankamuuza mwanayo kuti apemphere.

"Ndinapemphera mpaka mawu anauma," anatero Yunike. "Kenako amayi anazizira. Nyerere zinayamba kulowa m'kamwa, ndiye ndinawamanga chibwano ndi mpango. Kukumba ndinalephera, dothi linali louma. Ndinathyola masamba."

M'mawa mwake anapezedwa ndi anthu ena othawa, amene anapita naye ku kampu. Kumeneko anapitiriza kunena vesi lake lija mpaka kalata inamupeza Whiteson. Atamaliza kundiuza anandionetsa sileti n'kufunsa ngati zilembo zake zaima bwino.

Chaka cha 1992 chinali cha chilala. Tinadya chimanga chachikasu cholandira. A NyaZimba ankapatula kambale ka ufa nthawi iliyonse akachoka kuchigayo, ati ka Ennie akabwera ndi njala, ndipo ufawo unkafumbwa mumphika mdzukulu wawo akuonda. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho wailesi inanena kuti a ku Mozambique asainirana mtendere. A NyaZimba anazira nyumba, anagula mphasa yatsopano, n'kusuntha kampando kawo kuti kaziyang'ana kumsewu. Lachinayi lotsatira amayi anaimba mpaka fumbi, ndipo wina anamukumbatira Yunike akuti, "Waona? Mapemphero ako afika!" Mwanayo anangoima ngati chitsa.

Lachiwiri pa 9 Febuluwale 1993, Steward Mtonga wa m'mudzi mwathu anakokoloka akuwolotsa ng'ombe pa mtsinje wodzaza. Anamufuna masiku asanu osamupeza. Lolemba pa 15 anachita monga timachitira thupi likasowa: anadula thunthu la nthochi, analikulunga mu nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwa munthuyo. Amayi analira, m'busa analalikira, ndipo m'mawa mwake mkazi wa Steward ndi ana ake anametedwa. Yunike anaona zonsezo ataima kumbuyo kwa anthu. Masana ake anandipeza nditatsegula buku la mpingo.

"Aphunzitsi, mwalemba a Steward?"

"Ndalemba."

"Koma m'manda muli nthochi."

"Muli nthochi, koma munthu anafa. Amuna anayi anamuona madzi akumutenga."

"Ndiye lembaninso amayi."

Ndinamuuza lamulo la bukulo monga ndinalilandirira. Pamafunika tsiku la imfa, pamafunika mboni yachikulire, ndipo wamkulu wa banja abwere yekha kudzanena.

"Linali tsiku lanji?" ndinamufunsa.

"Sindidziwa. Mango anali atayamba kupsa. Mvula inali itagwa kamodzi."

"Limenelo si tsiku, mwanangu."

"Mboni ndine."

"Iwe ndiwe mwana."

"Kunalibe wamkulu, aphunzitsi. Akanakhalapo akanandithandiza kukumba."

Ndinatseka buku n'kumupatsa nthochi ziwiri zakupsa kuti adye. M'kope langa, pa tsiku limenelo, ndinangolemba kuti Yunike anabwera.

Sanafunsenso. Anadikira miyezi isanu ndi inayi mpaka mango atayamba kupsa ndipo mvula itagwa kamodzi. Loweruka pa 27 Novembala 1993, dzuwa lili paliwombo, amayi amene anali pachitsime anamva kulira kwa maliro kuchokera kumunda kwa a Ngulube. Anasiya ndowa n'kuthamanga poganiza kuti a NyaZimba agwa akulima. Ine ndinafika mochedwa chifukwa cha mawondo. Tinamupeza Yunike atakhala pansi pafupi ndi chulu, miyendo atatambasula monga amakhalira amayi pamaliro. Mutu anali atameta yekha ndi lezala yakale ya Whiteson, ndipo magazi ankatsika kuseri kwa khutu. Patsogolo pake panali kamanda katsopano. Anali atadula nthochi ya agogo ake ndi khasu, n'kuikulunga mu diresi yaitali imene anabwera nayo ija. Ankalira yekha, akuitana mayi ake m'Chichewa, ndipo atationa sanaleke.

Palibe mayi amene anakhala pansi kumuthandiza kulira. Tonse tinaimirira.

A NyaZimba anafika atatsamira ndodo. Ataona mutuwo ndi mandawo anakuwa. Kwa iwo, kuika nthochi m'malo mwa munthu wamoyo kunali kumupha.

"Wameta ndani? Ndani wafa pakhomo pano? Ukufuna kutseka njira ya mwana wanga, iwe kamfiti? Whiteson! Fukula msanga chinthu ichi lisanalowe dzuwa!"

Whiteson anatenga khasu lomwelo n'kufukula. Sanayang'ane mwanayo ngakhale kamodzi. Thunthulo analimasula n'kukaliponya m'khola kuti ng'ombe zidye, ndipo mkazi wake anamumanga Yunike duku kuti anthu asaone mutuwo.

Lachinayi pa 2 Disembala a NyaZimba anabwera naye ku tchalitchi monga kale, ati tsopano apemphere kawiri kuti afafanize zimene anachita. Anamugwaditsa. Yunike sanatseke maso ndipo sanatsegule pakamwa. Anamutsina, anamunyengerera, mayi wina anamuwerengera vesi la kulemekeza makolo. Patapita nthawi anaimirira, anasasa fumbi m'mawondo, n'kutuluka. Ndinawerenga m'makope anga pambuyo pake. Kuchotsapo masiku a maliro ndi a mvula yaikulu, mwanayo anapemphera pemphero lija ka 121.

Ndinamutsatira n'kumupeza atakhala pa muzu wa mtengo kuseri kwa sukulu.

"Wakwiyira agogo ako, ndikumva. Koma Mulungu wakulakwira chiyani?"

"Aphunzitsi, mumati amaona zonse?"

"Amaona zonse."

"Pa kamtsinje paja analipo?"

"Analipo."

"Ndiye akudziwa kuti sindikunama. Bwanji sawauza agogo? A NyaMtonga amalota, mkulu wa mpingo amalota, aliyense kuno amalota. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analotapo amayi ali pansi pa masamba?"

Ndinayamba kumuuza za Yobu, koma anandidula mwaulemu.

"Kuwapulumutsa mwina kunali kovuta, magazi anali atatha. Koma kungonena? Kunena n'kosavuta. Ngakhale ine ndinanena."

Ndinaphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi zitatu, ndipo funso likandivuta ndinkati tidzaona mawa. Tsiku limenelo ndinateronso.

Kuyambira pamenepo Yunike anakhala yekha pakati pa anthu. Ana anzake anamupatsa dzina loti Kamaliro, ndipo akamadutsa ankagwira kumutu n'kulira monyodola. Amayi ena analetsa ana awo kudya naye m'mbale imodzi. Kusukulu ankakhoza masamu kuposa anyamata, koma pa pemphero la m'mawa ankaima maso ali otsegula. Lamlungu ankadzipereka kukalondera anyani kumunda, ndipo chimanga chikakololedwa ankapezabe chifukwa china, mbuzi kapena mbalame za m'mapira. Pa ntchito palibe ankamudandaula. Kusoka fodya ankasoka mofulumira kuposa mkazi wa Whiteson, ndipo ankakonda kugwira yekha kumapeto kwa chigafa. Kuyenda kwake sikunasinthe. Ngakhale panjira ya kuchitsime, imene ankadutsa katatu patsiku, ankaponda pamene wina waponda kale.

Agogo ake sanamuthamangitse ndipo sanamumane chakudya. Ankangokhala m'nyumba imodzi osayankhulana zambiri. Amene ankawatungira madzi osamba, kuwadula zikhadabo ndi kuwasunthira kampando kaja dzuwa likawapeza anali Yunike yemweyo. Pemphero la Lachinayi linapitirira popanda iye. Tinkasinthana kulinena ife amayi.

Mu 1994 tinamva kuti othawa nkhondo a ku Ukwimi akuwakweza malole kubwerera kwawo. A NyaZimba anagulitsa mbuzi n'kutuma Whiteson kuti akaime pamene akukwerera, ayang'ane nkhope iliyonse. Ananyamuka Lolemba pa 11 Julaye n'kubwerako Lachisanu pa 15. Anati anthu anali ochuluka kwambiri, ndipo ena amuuza kuti mwina Ennie anathawira ku Malawi. A NyaZimba anatembenuza kampando pang'ono kuti kaziyang'ana njira ya kum'mawa.

Pa 20 Malichi 1995 kunabwera kalata yochokera kwa Rozina, mlongo wake wa Zuze, amene anali atabwerera kumudzi kwawo. Anati pa banja lonse watsala yekha, alibe mwana, ndipo ngati n'kotheka amutumizire Yunike. Ndinaiwerenga pamaso pa a NyaZimba, Whiteson ndi Yunike. Aka kanali koyamba kuona Yunike akuyang'ana munthu m'maso mopempha. A NyaZimba anakana. "Mayi ake akabwera n'kumusowa ndidzati chiyani?" Yankho ndinalemba ndine.

A NyaZimba anamwalira Lachiwiri pa 11 Juni 1996, atadwala chifuwa milungu itatu. Mawu awo omaliza omveka anali ouza Whiteson kuti Ennie akabwera amuuze kuti zija ananena anazibweza kalekale. Tinawaika Lachinayi pa 13. Pamaliro amenewo Yunike, amene tsopano anali ndi zaka khumi ndi zinayi, analira kuposa wina aliyense, mpaka anthu anadabwa n'kumati kani mwanayu ankawakonda agogo ake chotere. Ine ndinakhala pafupi naye ndipo ndinamva amene ankamuitana. Nthawi imeneyi amayi anakhala pansi pambali pake ndipo palibe anamuletsa.

M'mawa mwake achibale anametedwa. Atangomaliza, Whiteson anatiitana ine ndi Yunike kuseri kwa nkhokwe. Mutu wake unali mbee, ndipo ankaoneka wokalamba kuposa zaka zake.

"A NyaLungu," anatero kwa ine, "mulembe mlongo wanga m'buku. Ndabwera kudzanena monga wamkulu wa banja."

"Nanga mboni?"

"Ilipo. Mayi amene anamupeza mwanayu pa kamtsinje ndinaonana naye ku kampu tsiku lomwe ndinakamutenga. Anavundukula masamba, anaona. Anandiuza zonse, ngakhale za mpango wa pachibwano."

Yunike anamuyang'ana.

"Munkadziwa, asibweni?"

"Ndinkadziwa. Ndinaona amama akugwa, ndinachita mantha kuti ndiika awiri. Ndinati ndiwauza mawa, kenako ndinati tikakolola. Mkazi wanga ankadziwa. Mkulu wa mpingo ndinamuuza chaka chomwecho, anati tiwasunge mtima okalamba. Ulendo wa ku Ukwimi uja sindinafike. Ndinakhala ku Chipata kwa mnzanga masiku atatu. Undikhululukire, mwana wa mlongo wanga."

"Ndiye Lachinayi lonse lija munkauza ndani?"

"Tinkasunga mtima wa agogo ako."

"Sindikufunsa za agogo. Mkulu wa mpingo ankatseka maso Lamlungu n'kunena kuti Chiuta dada, mubwezeni Ennie. Inu munkati Ameni. Munkauza ndani?"

Whiteson anayang'ana pansi.

"Munthu sanamiza amene anaona," anatero Yunike. "Mukanakhulupirira kuti alipo amene akumva, mukanachita manyazi. Ine ndinkayesa kuti ndine ndekha m'mudzi muno amene ndikudziwa kuti Mulungu kulibe."

"Usatero, mwana iwe. Alipo."

Yunike anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu, aphunzitsi?"

Ine sindinauzidwe ndi munthu. Koma mwana sapeka nkhani ya nyerere ndi chibwano, ndipo ndinadziwa zimenezo kuyambira pa 6 Juni 1991. Ndinamuuza choncho. Ndinamuuza kuti lamulo la tsiku ndi mboni linalipodi, koma ndinalikonda chifukwa linandipulumutsa kukangana ndi a NyaZimba ndi akulu a mpingo. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa mchere pamsika.

Lolemba pa 17 Juni anabwera pakhonde panga ndipo ndinatsegula buku iye akuona. Pansi pa dzina la a NyaZimba ndinalemba Ennie Ngulube, mkazi wa Zuze. Malo olemba tsiku ndi aang'ono, choncho ndinasefukira m'mphepete: 1990, mango atayamba kupsa, mvula itagwa kamodzi. Pa mboni ndinafunsa Whiteson dzina la mayi wa ku kampu uja, koma anali ataliiwala. Ndinalemba Yunike, mwana wake. M'buku lonselo ndi mzere wokhawo wopanda tsiku. Anauwerenga kawiri akulondola ndi chala, kenako anandipempha kuti ndimukoperere pa pepala. Analipinda n'kulimanga pa mfundo ya chitenje.

Whiteson anafuna kuchita maliro a mlongo wake mwadongosolo, kudula nthochi, kuitana m'busa ndi kwaya, kupha ng'ombe. Yunike anakana.

"Ndinawaika kale, inu munafukula. Nthochi sindikuifunanso. Ndikudziwa pamene ali. Ngati mafupa alipo, azakhali akandithandiza kukumba."

Tinamuuza kuti mabomba aja sanathe m'njira za kumeneko. Anati akudziwa kuposa ife. M'busa anabwera kawiri kudzacheza naye, ndipo iye anamuyalira mphasa, anamupatsa madzi, anamvetsera mpaka kumapeto, koma pa pemphero maso ake anali otsegula. Ndinalembera Rozina kalata, ndipo yankho linabwera pa 2 Ogasiti kuti akamudikira pa malire ku Chanida. Whiteson anati amuperekeza yekha mpaka kumeneko, ndipo ulendo uno akafikadi.

Anabwera kudzanditsanzika m'mawa, tsitsi litayamba kumera, katundu wake yense ali m'kathumba ka feteleza kochapa bwino. Anandibwezera sileti ija, imene ndinali nditaiwala kuti ili kwa iye. Ndinawaperekeza mpaka pa mphambano. Kupatula ine ndi mkazi wa Whiteson, panalibe wina. Lole itaima ndinamugwira dzanja, ndipo mawu anatuluka okha monga timanenera kwa aliyense wa paulendo.

"Mulungu akutsogolere, mwanangu."

"Yewo, aphunzitsi," anatero. "Asibweni akudziwa njira mpaka ku Chanida. Kuchokera pamenepo ndikuidziwa ndine."

Anakwera kumbuyo n'kukhala pa matumba a chimanga, nkhope itayang'ana kumene lole inkapita. Kalata yake sindinalandirepo, ndipo sindidziwa ngati anaupeza mtengo wa mango uja. Yunike anachoka ku Kapichila Lolemba pa 19 Ogasiti 1996.